Dzanja la Chancy Lilipo

Chirimba,
Blantyre.
Lamulungu, mwezi wa Meyi.

Okondedwa Ababa,

Landirani moni wanga, inu ndi amayi ndi onse a pakhomo pathu kwa Santhe. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Msana uja ukukulolani kukhala pansi m'chigafa posankha fodya, kapena mukungoumiriza monga mwa chizolowezi chanu? Nanga amayi, chifuwa chimene chinawagwira nthawi ya mvula chija chinawasiya? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Msuweni wanga Chancy nayenso ali moyo, akudya, akuyenda, ndipo manja ake onse awiri alipo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti zotsalazo muwerenge mtima uli m'malo.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni sitimvana. Makutu anu chigayo chinawatha kale. Tsiku lija ndinakuwa mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nane anatuluka kudzaona ngati ndikuyambana ndi munthu, koma inu munkangofunsa kuti ndikuti chiyani. Nkhani ngati iyi si yoimva theka. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole yathu imene ikubwera kudzatenga soya kumeneko. Wati akaisiya pa golosale ya pa siteji, mng'ono wanga Vera akaitenge pochokera kusukulu.

Mukudziwa kuti pa fakitale pathu timapanga chakudya cha nkhuku. Chimanga, soya ndi gaga zimagayidwa, n'kusakanizidwa, n'kuthiridwa m'matumba. Matumbawo sasenzedwa pamutu ayi. Amakwera lamba wamkulu wa labala, wotambalala ngati chitseko, amene amawatenga kuchokera posokera mpaka pamene malole amaima. Kumapeto kwa lambayo kuli mgolo wachitsulo umene umazungulira n'kumamukoka, ndipo mgolowo umazunguzidwa ndi mota ya magetsi. Chancy ntchito yake ndi yolandira matumba kumapeto kumeneko. Ine ndili m'gulu la amisiri a magetsi, pansi pa a Mphepo, injiniya wathu wamkulu.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, ndiloleni ndiyambe ndafotokoza za bokosi lina. Inu makina mumawadziwa, sindikuopa kuti musokonezeka. Mota ya chigayo chimene munkayendetsa zaka zija inkadziwa zinthu ziwiri basi, kuima ndi kuthamanga ndi mphamvu zake zonse. Mukakanikiza batani inkadzidzimuka ngati ng'ombe yokwapulidwa, mababu a m'magolosale n'kuphethira, lamba n'kulira. Mukazimitsa inkapitirizabe kuzungulira mpaka itatopa yokha. Munatiuza nokha kuti tsiku limene lamba anakutengani zala ziwiri zija mnzanu anazimitsa msanga, koma chigayo sichinamve.

Kuno mota iliyonse yaikulu ili ndi bokosi lake lachitsulo pakhoma, lalikulu ngati kabati ya mbale, lokhala ndi kagalasi koonetsa manambala ndi mabatani ochepa. Timalitchula kuti dilayivu. Musasokoneze ndi dalaivala wa galimoto, ngakhale ntchito zawo sizisiyana kwenikweni. Magetsi asanafike ku mota amayamba adutsa m'bokosimo, ndipo dilayivuyo ndi imene imalamula kuti mota ithamange bwanji.

Magetsi a m'mawaya sayenda njira imodzi ngati madzi a m'ngalande. Amapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, ngati macheka a anthu awiri ocheka matabwa, maulendo makumi asanu pa sekondi imodzi. Mota imatsata kugunda kumeneko monga wovina mganda atsatira ng'oma. Ng'oma ikamalira chimodzimodzi tsiku lonse, phazi nalo silisintha. N'chifukwa chake chigayo chanu chinali ndi liwiro limodzi lokha.

Tsono dilayivu imalanda ng'omayo n'kumaimba yokha. Poyamba imawongola magetsi aja kuti aziyenda njira imodzi ngati a m'batire. Kenako imawasunga pang'ono m'timigolo tili m'katimo, monga mmene thanki imasungira madzi kuti mpope usamadukize. Pomaliza pali timaswichi topanda chogwirira, timene timatseguka ndi kutseka kambirimbiri, mofulumira kuposa mmene diso lingaonere. Timeneto timatulutsa magetsi aja m'tizidutswa, n'kupanga kugunda kwatsopano kumene ifeyo tafuna. Tikalemba makumi asanu pa kagalasi paja, mota imathamanga monga mwa masiku onse. Tikalemba theka lake, nayo imayenda theka. Tikalemba ziwiri kapena zitatu, imakwawa ngati nkhono. Ikamatsitsa liwiro imatsitsanso mphamvu ya magetsi molingana, kuopa kuti mota ingapse. Poyamba ntchito m'mawa imainyamutsa pang'onopang'ono, monga mmene inu mumanyamulira pa njinga mutakweza belo ya fodya.

Mawaya opita ku mota ndi atatu, ndipo amakankha mosinthana ngati amayi atatu osinja mumtondo umodzi, uyu, kenako uyu, kenako uyu. Dilayivu ikasintha woyamba ndi wotsatira, mota imazungulira chobwerera m'mbuyo. Pa chigayo chanu, kuti zimenezi zitheke, kukanakhala kuzimitsa zonse n'kumasula mawaya ndi sipanala.

Masiku ambiri mabokosiwa sitiwakhudza n'komwe. M'mbali mwa lamba muli timaso ta magetsi timene timaona matumba akamadutsa, n'kumauza kakompyuta kena. Kakompyutako ndi kamene kamalankhula ndi madilayivu onse. Matumba akaunjikana kumapeto, lamba amachepetsa liwiro yekha. Akapungulidwa, amawonjezera. Fani yokoka fumbi nayo sithamanga pachabe pamene chigayo chilibe kanthu, ndiye magetsi sapita ambiri. Nditangofika kumene ndinkaona ngati m'nyumbamo mukuyenda anthu osaoneka.

Tsopano za tsikulo. Linali Lachinayi m'mawa, dzuwa litakwera. Anthu oyeretsa anali atachotsa chotchinga cha waya chimene chimaphimba mgolo uja kuti asese gaga, ndipo sanachibwezere. Lamba anayatsidwa mgolo uli poyera. Ntchito ili m'kati thumba lina linaphulika pamsoko, chakudya n'kukhutukira pansi. Chancy mukumudziwa, ndi mwana wa mlimi, sangaone chakudya chili pansi n'kuchilumpha. Anawerama n'kuyamba kuwola ndi dzanja lamanja, lamba akuyenda. Mkono wa ovololo unali wosamanga batani. Mgolo unagwira nsaluyo, nsalu n'kukoka dzanja.

Ine ndinali chapatali pang'ono, ndikulumikiza waya pa sikelo. Ndinamva kukuwa kumene sindinakumvepo chibadwire, ndipo ndinadziwa mwini mawuwo ndisanatembenuke. Bambo wina wosoka matumba, a Benjamin, anakoka chingwe chofiira chimene chimayenda m'mbali mwa lamba yense. Ababa, lambayo anaima pomwepo. Anali atadzaza matumba kuyambira uku mpaka uko, katundu woti pa makina akale akanapitirira mayadi angapo magetsi atazima kale. Koma dilayivu ikauzidwa kuti iime singosiya mota kuti itope yokha. Imaigwira, monga munthu agwirira mabuleki pa mtsetse, ndipo mphamvu ya liwiro ija imabwerera m'bokosi n'kukathera m'mawaya ena okhuthala amene amangotentha. Mgolo unali utameza dzanja kupitirira pang'ono pa mfundo pomangira wotchi. Ukanayendako pang'ono pokha, bwenzi chigongono chitalowa.

Anthu anaunjikana. Wina ankati zimitsani magetsi onse, wina ankati tidule lamba ndi chikwanje, wina anali atamugwira kale Chancy m'chiuno kuti amukoke. A Mphepo anafika akuthamanga, n'kumukankha wofuna kukokayo, nati amene amukoke ndiye akhala atamudula dzanja. Anagwada n'kuyang'ana bwinobwino mmene dzanjalo linapanikizikira. Anati lamba ndi wokhuthala, kumudula kutenga nthawi, ndipo akaduka ali wokungika chomwecho matumba onse akokera mbali imodzi n'kuphwanya chimene chatsala. Amisiri awiri anayesa kumasula mabawuti okungira lambayo, koma anali atachita dzimbiri, sipanala inkangoterereka. Mkono wa Chancy unali utayamba kutupa ndi kuda.

Kenako a Mphepo anandiyang'ana ine.

"Nthanda, pita pa dilayivu," anatero. "Uichotse m'manja mwa kompyuta, uigwire wekha. Ulembe ziwiri, chobwerera m'mbuyo. Undiwerengere mokweza zimene walembazo usanakhudze batani."

Ntchito imeneyi ndaichitapo kambirimbiri poyesa makina, koma osati dzanja la munthu lili pa mgolo. Ndinkadziwa kuti ndikalakwitsa chizindikiro chimodzi chokha, mgolo upita kutsogolo. M'mutu mwanga munkangomveka mawu a azakhali Ezelina, tsiku lomwe ndinkamutenga mwana wawoyu pa depoti ya ku Kasungu, fodya wake atatha ndi matalala. Anandigwira dzanja n'kunena kuti akundipatsa munthu wathunthu, ndidzawabwezere wathunthu.

Ndinalemba, n'kuwerenga mokweza. A Mphepo anati ndiwerengenso, ndinawerenganso. Anatuma a Benjamin kukaima pa chingwe chofiira, dzanja lili pomwepo, kuti mgolo ukangosunthira kolakwika akoke. Iwowo anagwira mkono wa Chancy ndi manja awiri n'kumuuza kuti ayang'ane kudenga. Chancy, thukuta lili chuchuchu, anayang'ana ine m'malo mwa denga.

"Msuweni," anatero, "ukalakwitsa ndikakusumira kwa amalume."

Mpaka lero sindidziwa kumene anaitenga mphamvu yochitira nthabwala.

Ndinakanikiza batani. Mota inayamba kulira kaphokoso kakang'ono ngati ka udzudzu, ndipo kwa kanthawi sindinaone chilichonse chikusuntha. Kenako mgolo unayamba kubwerera, pang'onopang'ono, n'kumalavula mfundo, kenako chikhatho, kenako zala pamodzi ndi nsalu ija. A Mphepo anakuwa kuti basi, ine n'kuchotsa chala. Zala zonse zisanu zinalipo, ngakhale khungu la pamwamba pa dzanja linali litasendeka ngati la chinangwa. Pamenepo ndinangopezeka ndakhala pansi pa simenti nditatsamira khoma, mayi wina wosesa akundikupiza ndi katoni.

Tinamutengera ku chipatala chachikulu pa galimoto ya kampani, ine nditamugwirira mkono pamiyendo panga. Atamuunika anapeza kuti mafupa awiri a pa mfundo athyoka, ndi chala chaching'ono. Mitsempha yoyendetsa zala sinaduke. Dokotala wake, mayi wamfupi wosachulutsa mawu, anamuuza kuti agwedeze chala chilichonse pachokha. Zinagwedera zonse, china mwaulesi. Anamusoka n'kumukulunga, ndipo chotupa chitaphwa anamuika chikhakha. Anati mafupa akagwirana azidzapita kukaphunzitsa zalazo kugwira, komanso kuti mwina dzanjalo lizidzamupweteka nyengo yozizira. Chancy anafunsa ngati adzathe kugwira khasu. Dokotalayo anati khasu adzagwira, njinga adzapalasa, koma m'makina asadzapisenso. Nditamva mawu amenewa ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo aka kanali koyamba kulira chiyambire tsikulo.

Panopa anatuluka, ali kuno kwa ine. Sindinalole kuti abwerere ku chipinda chimene amagona ndi anzake ku Ndirande, kopanda womuphikira. Akugona pa balaza. Akudya ndi dzanja lamanzere, ndipo akuti akadzabwera kumudzi musadzamudzudzule kuti tauni yamuchotsa mwambo. Chimene chikumuvuta kwambiri ndi kukhala chabe. Dzana ndinamupeza akupalira kadimba ka eni nyumba ndi dzanja limodzi, ndinachita kumulanda khasu. Amayi a chigwirizano a ku tchalitchi kwathu anabwera kudzamuona atanyamula shuga ndi nthochi, ndipo a Benjamin abwerapo kawiri, ngakhale amakhala kutali ku Bangwe. Bambo ameneyu mumuike m'mapemphero anu, chifukwa dzanja lake ndi limene linafika pa chingwe anthu ena onse akungokuwa.

Mantha anga achiwiri anali a ntchito yake, poti lamulo la pa fakitale limaletsa kupisa dzanja pa makina oyenda. Kunabwera anthu a boma oona za apantchito, ndipo tonse tinafunsidwa mmodzimmodzi. A Mphepo ananena zonse mmene zinalili, za chotchinga chosabwezera ndi za dzanja la Chancy lomwe, osabisira aliyense. Anthu atayamba kuitama dilayivu ngati mngelo, iwo anakwiya. Anati bokosi lija linangochepetsa ngozi, silinailetse. Chimene chikanailetsa ndi waya wotchinga uja, ndi munthu kuimitsa lamba asanawerame. Anatinso kubweza mgolo munthu ali momwemo si chinthu chochita mwachisawawa, iwo anatero chifukwa njira zina zinali zitatsekeka, ndipo safuna kudzachitanso pa moyo wawo wonse. Mapeto ake Chancy anangochenjezedwa. Ntchito yake ilipo, chipatala akulipira ndi a kampani, ndipo akachira akayamba pa sikelo, kutali ndi mgolo.

Sabata yonseyi takhala tikuika kaswichi pa chotchinga chilichonse m'fakitale monse. Tsopano munthu akachotsa chotchinga, dilayivu imakana kuyendetsa mota, ngakhale bwana wamkulu atakanikiza batani yekha. Imangolemba pa kagalasi kuti pena pake patseguka. Pa mgolo umene unamugwira Chancy ndinapempha kuti ndiike ndekha, ndipo a Mphepo analola. Mabawuti a dzimbiri aja nawo tinasintha. Manja anga ali mikwingwirima yokhayokha ndi waya, koma sindinagwirepo ntchito ndi mtima wopepuka chotere.

Zina za kuno ndi zazing'ono. Chiperoni chayamba msanga chaka chino, m'mawa phiri la Michiru silioneka, ndipo zovala sizikuuma. Madzi pa mpope wathu akubwera mwa apo ndi apo, ndiye ndikumatunga kwa eni nyumba. M'kathumba kamene kali ndi kalatayi ndaikamo juzi ya mwana wanga Fundo, ndi mafuta opaka pa msana wanu. Juziyo ikakula musaisinthe ndi munthu, adzakuliramo.

Tsopano ndifike pa chimene chikundidetsabe nkhawa. Pamene tinkamunyamula Chancy, munthu wina anajambula ndi foni, magazi ali pa ovololo ponse, n'kutumiza pa gulu la anthu a ku Kasungu okhala kuno. Pansi pake analemba kuti mwana wa kwa Chulu makina amudula mkono. Wolembayo sanalipo n'komwe pamene dzanja linkatuluka. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife tisanafike pa chipata cha chipatala, nkhaniyo inali itafika kale kwa Chulu.

Vera wandiuza kuti azakhali atamva anakomoka, ndipo Mervis, mkazi wa Chancy, amene mukudziwa kuti ndi woyembekezera ndipo watsala pang'ono kuchira, sakudya bwino mpaka lero. Chancy analankhula nawo pa foni, koma azakhali anati tikuwabisira, mawu munthu amalankhula ngakhale alibe mkono. Tinatumiza chithunzi pa foni ya mphunzitsi wina wa kumeneko. Anachiyang'ana nati zithunzi za pa foni masiku ano anthu amachita kupanga. Sindikuwaimba mlandu. Mwana wamwamuna ali naye mmodzi yekhayu.

Choipa kwambiri ndi chakuti anapita kwa sing'anga, ndipo sing'angayo anati ngoziyi inatumizidwa ndi munthu woyandikana naye munda. Mudzi wonse tsopano ukuloza a Lucious, chifukwa cha mkangano uja wa malire a dimba chaka chatha. Akuti pa chitsime amayi sakuwapatsanso moni akazi awo, ndipo anyamata ena akunena poyera kuti awotcha chigafa chawo. M'chigafamo muli fodya wawo yense wa chaka chino, amene akuyembekeza kudyetsera adzukulu amasiye amene akulera. Chancy atamva zimenezi anati nkhani ya dimba inatha kalekale, anagwirana chanza pamaso pa anthu, ndipo a Lucious omwewo ndi amene anamupatsa mbande za tomato pambuyo pake. Anati ngati pali womulodza ndi batani la ovololo limene iye mwini sanamange.

Ababa, pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yoipa kuchoka pakhomo, mabelo akudikira kupita kumsika wa fodya ku Chinkhoma. Koma achimwene a Kelvin angathe kudinda okha masiku awiri. Inu ndinu mwini mbumba. Azakhali ndi mlongo wanu, ndipo mawu anu okha ndi amene sangawatsutse. Chonde kwerani minibasi mupite kwa Chulu nokha, musatume munthu. Mukakhale nawo pansi pamodzi ndi Mervis, muwawerengere kalatayi yonse, ndi za ng'oma ndi mtondo zomwe, kuti amve kuti chinthuchi chili ndi mayendedwe ake odziwika, si matsenga. Inu mukudziwa kuposa munthu aliyense kuti lamba safuna mfiti kuti adye munthu. Mukatha pamenepo mukafike kwa a Lucious masana, anthu akuona, mukakhale pa khonde pawo ndi kumwa madzi awo. Anyamata aja akaona amalume ake a Chancy atakhala pamenepo, machesi abwerera m'thumba.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya bwino, asamvere Vera akamati ndaonda. Moni kwa achimwene a Kelvin ndi alamu anga a Diana pamodzi ndi ana. Moni kwa mng'ono wanga Vera, alimbikire, mayeso ayandikira. Moni kwa amalume a Fredson ndi banja lawo lonse. Fundo mumuuze kuti amayi ake amamukumbuka tsiku lililonse, ndipo amvere agogo ake. Kwa Chulu mukapereke moni wanga kwa azakhali, kwa Mervis, ndi kwa a Lucious ndi akazi awo, mukawauze kuti ine mwana wa a Samsoni ndapepesa chifukwa cha zimene amva. Ambuye akusungeni pa ulendo, ndi pa ntchito ya fodya.

Ndine mwana wanu,
Nthanda.

Ndikuti ndipinde pepala, Chancy walanda cholembera. Ndamuletsa koma wakana. Wachipana pakati pa zala ziwiri zimene zatulukira kunja kwa chikhakha, ine n'kumugwirira pepala kuti lisasunthe. Zilembo zokhotakhota zili m'munsizi ndi zake. Mervis azizindikira, paja makalata a chibwenzi ankamulembera ndi dzanja lomweli.

Amayi, ndine Chancy. Ili ndi lamanja lija. Likupweteka koma ndi langa. A Lucious asiyeni. Mervis, idya. Mwanayo ndidzamunyamula ndi manja awiri.